Mutu 5: Tsiku Limene Kinasih Anamanga Kampira ka Pampu

1. Nyumba ya m'munsi mwa msewu

Kwathu kuno kumpoto kwa mzinda wa Semarang, m'mphepete mwa nyanja, nthaka imatsika chaka ndi chaka. Boma likakweza msewu, amene ali nazo amakweza pansi pa nyumba zawo. Amene alibe amakumba dzenje pakona n'kuikamo pampu.

Nyumba ya a Bu Jumirah inakwezedwa kawiri, kenako mphamvu zinatha. Msewu unapitiriza kukwera wokha. Tsopano ukafuna kulowa umatsika masitepe atatu n'kuwerama pakhomo ngati wabwera kudzapepesa. Dzenje lili kukhitchini, lovundikiridwa ndi thabwa. Nyanja ikakwera, madzi amatuluka m'ming'alu ya simenti n'kutsikira m'dzenjemo. Kampira koyandama kamakwera nawo, pampu imalira, madzi amaponyedwa m'ngalande ya kumsewu. Pampu ikapanda kulira, nyumba imasanduka beseni.

M'nyumbamo munkakhala anthu atatu. A Bu Jumirah ankasoka malaya ku fakitale ya kudoko. Mwana wawo Kinasih anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Wachitatu anali a Mbah Kasiran, ndiye kuti agogo Kasiran, bambo wa a Bu Jumirah, amene kale ankakonza mainjini a maboti. Matenda anawapha mkono ndi mwendo wa kumanja, ndipo lilime linalemera. Bedi lawo linaima pa njerwa ziwiriziwiri.

Loweruka limenelo uthenga unalowa m'mafoni kuti madzi ayamba kukwera masana ndipo afika pachimake cha m'ma 3 koloko. Palibe amene anadabwa. Inali sabata yachitatu ya madzi, ndipo anthu onse m'kamsewu kathu anali atasupuka pakati pa zala za kumapazi.

A Bu Jumirah analankhula akuvala jombo pakhomo.

"Nduk, mwana wanga, undimvere bwino, chifukwa basi ya kuntchito sidikira munthu. Kampira kaja kayamba kukakamira. Dzulo ndinachita kukagogoda ndi ndodo katatu. Ndi mafuta a m'mbale ndi ndere zimene zakamata. Uzule pulagi kaye, utulutse pampu, utsuke kampirako ndi mswachi wakale, uchotse tsitsi ndi timapepala pa sefa ya pansi. Ukaibwezera uthire ndowa ziwiri m'dzenje, uone ndi maso ako kuti yalira yokha ndipo yasiya yokha. Osati kumvera uli pakhomo, ayi, uone. Si ntchito yotha tsiku. Pampu ili ngati agogo akowa, siitha kukuuza pamene pakupweteka, umayenera kuyang'ana wekha. Ukatero upite kusukulu kwakoko, koma dzuwa likamafika pamutu ukhale utabwera."

Kinasih anayankha kuti wamva. Ndipo anali atamvadi.

2. Malaya oyera

Kusukulu tsiku limenelo ankasankha ana oti adzakweze mbendera pa chikondwerero cha ufulu wa dziko mu Ogasiti. Onse anauzidwa kuti abwere atavala zoyera zokhazokha. Kinasih anali atachapa malaya ake kawiri ndi kuwapachika pa mtanda wa denga kuti chinyontho chisawapeze.

Ntchito za m'mawa zinali zambiri monga masiku onse. Anawadyetsa agogo ake phala la mpunga, supuni imodziimodzi. Anawapukuta, anawasintha nsalu, anakataya botolo la mkodzo. Kenako anasamba, anavala, anamanga mpango wake woyera. Za pampu anazikumbukira akumanga zingwe za nsapato.

Nthawi yomweyo njinga yamoto inaima pamsewu. Anali Laras, mnzake wa m'kalasi.

"Asih, tulukamotu m'chitsime chakocho. Aphunzitsi akuti wochedwa akaima kumbuyo ndi amfupi."

Kinasih anathamangira kukhitchini n'kuchotsa thabwa. Fungo linamumenya kumaso. M'dzenje munali timadzi tochepa takuda, ndipo kampira kanali katamatiramo m'matope onona ngati phula. Anayang'ana manja a malaya ake. Kuvula, kutsuka, kusambanso ndi kuvalanso, zonsezo zikanatenga theka la ola. Laras analiza hutala kachiwiri.

Nzeru inamubwerera, imene iye anaiyesa yabwino. Ngati vuto ndi lakuti kampira sikakukwera, bwanji osangokakweza kamodzi n'kamodzi? Anatenga chingwe cha pulasitiki pamsomali, ananyamula kampirako ndi zala ziwiri, n'kukamangirira m'mwamba pa paipi. Pampu inalira nthawi yomweyo. Iye anati m'mtima mwake, ikamalira osasiya madzi sapeza mpata.

A Mbah Kasiran anayamba kumenya bedi ndi dzanja lamanzere. Ankaloza kukhitchini, pakamwa pakuvutika kupanga mawu. "A... ayi, Nduk. Ayi."

Kinasih anadziwa zimene ankanena. Anawaikira kapu ya madzi pafupi, anagunditsa dzanja lawo pamphumi pake monga mwa ulemu, anawauza kuti abwera msanga. Kenako anakweza wailesi n'kutuluka.

3. Pamzere

Za kusukuluko sizifuna mawu ambiri. Wamkulu woti adzasankhe anafika mochedwa ndi maola awiri. Mafoni onse anasonkhanitsidwa m'katoni. Ana anayezedwa msinkhu, anaguba, anatembenuka, anagubanso, padzuwa lowotcha. Atsikana awiri anakomoka.

Dzuwa linafika pamutu. Kinasih anaona chithunzithunzi chake chitafupika mpaka kulowa pansi pa nsapato. Mphunzitsi anali atanena kale kuti wochoka pamzere asabwerenso. Kinasih sanachoke.

Mayina a osankhidwa anawerengedwa cha m'ma 2 koloko, ndipo lake linalimo. Laras anamukumbatira. Pobwerera njinga inafika pamsika pokha, chifukwa kupitirira apo madzi anali atatseka kale msewu. Kinasih anavula nsapato n'kuyamba wapansi, madzi akumufika m'akakolo, kenako m'katumba.

Atalowa m'kamsewu kawo anayamba kuyang'ana mapaipi. Nyumba iliyonse inkalavula madzi m'ngalande, ina mwamphamvu, ina motsokomola. Paipi ya kwawo yokha inali chete.

4. Chala pa swichi

Pakhomo panaima a Budhe Warsi, mayi wa nyumba yoyang'anana nayo, amene amagwira ntchito yowamba nsomba. Anali atangoweruka, fungo la utsi likadali m'zovala. Nawonso anali ataona paipi youma ija ndipo anabwera kudzayang'ana mita ya magetsi imene ili panja pakhoma.

Swichi ya mitayo inali itagwa. Zimenezo kwathu si nkhani. Mamita athu ndi aang'ono, ukayatsa poto wa mpunga ndi simbi nthawi imodzi magetsi amadula okha. Munthu umangotuluka n'kukankhira swichi m'mwamba. Ana amachita zimenezi ndi mpini wa tsache asanadziwe n'kuwerenga komwe. Palibe amene amafunsa kuti yagweranji.

"Wabwera, mwana wa mbendera," anatero a Budhe. "Magetsi anu agwa, ndi zokhazo. Ima ndikweze."

Kinasih anali atamva kale fungo lina pansi pa fungo la nsomba lija, la mphira wopsa. Anawerama n'kusuzumira mkati. Munali mdima, koma madzi ankanyezimira pabalaza ponse. Pabedi panalibe munthu. Agogo ake anali atakhala pansi, atatsamira mwendo wa bedi, madzi ali m'chiuno.

Chala cha a Budhe chinali chitafika pa swichi.

"Budhe, musakweze."

"Nanga pampu ilira ndi chiyani, ndi mapemphero?"

"Pampu yapsa. Ndinamanga kampira ndi chingwe m'mawa kuti izilira osasiya. Ndine ndachita. Ikadali pa pulagi, ndipo agogo ali m'madzi."

A Budhe anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, ngati munthu amene wazindikira kuti wagwira njoka. Anapinda nsalu yawo m'chiuno n'kutsika masitepe.

Kinasih anayamba wazula pulagi pa soketi yolendewera kudenga. Kenako awiriwo anawanyamula a Mbah Kasiran, wina kumapewa wina kumiyendo, n'kuwabwezera pabedi. Thupi lawo linali lozizira ngati nsomba ya pa ayezi. Bondo linali litasupuka. Ndodo yawo inkayandama pafupi ndi khomo la kukhitchini.

Zimene zinachitika a Mbah anazifotokoza ndi dzanja ndi mawu odukaduka. Pampu inakoka timadzi tija n'kutha, ndipo inapitiriza kulira pouma. Kenako inayamba kununkha. Iwo anayesa kutsika kuti akakole waya ndi ndodo, mwendo unakana, anagwa. Magetsi anadula okha pambuyo pake. Anakhala pasimentipo kuyambira m'mawa, akuonerera madzi akutuluka m'ming'alu.

5. Pampu ya m'thumba

A Budhe anayeza ndi chikhatho. Pakati pa madzi ndi matiresi panatsala zala zinayi. Kuwatulutsa panja a Mbah sikukanatheka. Khomo ndi lalifupi, masitepe ndi otsetsereka, ndipo amuna onse anali kudoko kapena panyanja. Panja pomwepo panalibenso pouma poti n'kuwagoneka.

A Mbah analoza pamwamba pa kabati. Panali thumba la mpunga lomangidwa kukamwa, ndipo mkati mwake munali pampu yakale imene iwo anaikonza asanadwale n'kuisunga. Lamulo lawo linali loti izilizidwa kamodzi pamwezi. Chidwalireni iwo, palibe anaikhudza.

Kinasih anatulutsa pampu yopsa ija. Inali yotupa mbali imodzi, chingwe cha pulasitiki chikadali pa kampira. Analumikiza paipi ku pampu yakaleyo n'kuitsitsa m'dzenje. A Mbah anakana kuti magetsi ayatsidwe munthu ali m'madzi, choncho Kinasih anaika pulagi n'kukwera patebulo, a Budhe anakwera masitepe n'kukankha swichi.

Pampu inangong'ung'udza. Paipi sinagwedezeke. A Mbah anamenya bedi kawiri, ndipo a Budhe anathimitsa.

"Tembenuza," anatero a Mbah. "Ma... sikuluu. Atatu."

Kinasih anaiika pampuyo patebulo chagada. Masikuluu awiri anamasuka, lachitatu linakana mpaka a Budhe analimenya ndi kamwala kosinjira tsabola. Pansi pa sefa panali kagudumu ka mapiko kamene kamakankha madzi. Mchere ndi dzimbiri zinali zitakagwira ngati simenti.

A Mbah analoza botolo la mafuta a kokonati. Kinasih anathira, anapala mcherewo ndi nsonga ya mpeni, anayesa kupotoza ndi zala. Sikanasunthe. Anafuna kukamenya ndi kamwala kaja, koma agogo ake anapukusa mutu mwamphamvu. Anamuonetsa ndi dzanja, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, osakakamiza.

Madzi anali atatsala zala ziwiri kuti akhudze matiresi. Malaya oyera aja tsopano anali akuda mpaka m'zigongono, ndipo chala chimodzi chinkatuluka magazi. Kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono. Kagudumu kanalira ngati chitseko chakale, kanasuntha pang'ono, kenako kanazungulira.

Anabwezera sefa, anamanga paipi ndi mphira wa chubu cha njinga, anatsitsanso pampu m'dzenje n'kukweranso patebulo. A Budhe anakweza swichi. Paipi inanjenjemera, ndipo patapita kanthawi anamva madzi akugwera m'ngalande kunja.

Palibe amene anasangalala. Onse anali atatopa kwambiri.

6. Mawu a Budhe Warsi

Pampu yakaleyo inalibe kampira. Inkafuna munthu woikhalira pafupi, woti azule pulagi madzi akachepa m'dzenje ndi kuibwezera akadzaza. Kinasih anakhala patebulo, waya ali m'manja. A Budhe anawafunditsa a Mbah nsalu ziwiri zouma za kwawo, anawamwetsa tiyi wa jinja, kenako anakhala pa sitepe ya pamwamba n'kutambasula miyendo.

"Ine sindikukalipira, Nduk, mphamvu zokalipira ndazisiya ku nsomba. Koma umve. Pampu imazizira ndi madzi omwewo amene ikukoka. Ukailiza pouma imadziphika yokha. Kampira kaja sikokongoletsa ayi, ndi kamene kamaiuza kuti tsopano puma. Iwe unakatseka pakamwa. Ndipo si iwe wekha. M'kamsewu muno tonse timamanga zinthu ndi chingwe, denga, chitseko, mpando, n'kumati ndikonza mawa. Mawa lake madzi amakhala atabwera kale. Pampu iyi ya m'thumba, tachita mwayi kuti mwini wake akadali ndi dzanja limodzi lolozera. Chinthu chosungira tsiku loipa, ngati suchiyesa, ndi chitsulo chabe chimene chikudya malo pakabati.

"Tsopano za ine. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukweza swichi imeneyi osasuzumira m'nyumba. Lero ukanachita manyazi pang'ono pokha, ukanati uyambe waganiza bodza loti unene, mawa tikanakhala tikusambitsa mtembo, ndipo chala chikanakhala changa. Zimenezo usaiwale. Koma usazisandutse ulemu wako, chifukwa munthu wamkuluyu wakhala m'madzi onyansa ndi bala pabondo, ndipo sitikudziwa kuti mawa adzuka bwanji."

Madzi anatsika pang'onopang'ono, kusiya mzere wakuda pakhoma. Pofika 5 koloko simenti inayamba kuoneka, yodzaza matope. A Budhe anapita kukaona nyumba yawo.

7. Foni yopita kumapiri

A Bu Jumirah anafika muezini wa kumzikiti akuitana pemphero la madzulo. Anaima pa sitepe yachiwiri n'kuyang'ana mzere wa pakhoma, pampu yotupa ili pakona, ndi mwana wawo ali patebulo.

Kinasih anawauza zonse asanafunsidwe. Ananena za mswachi umene sanaugwire, za chingwe, za wailesi imene anakweza, ndi za dzuwa limene analiona likufika pamutu iye ali pamzere.

Amayi ake sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anapita pabedi, anavundukula bondo la bambo awo, analitsuka ndi madzi owiritsa n'kupakapo mankhwala. Anawagwira pamphumi ndipo dzanja linakhalitsa pamenepo. A Mbah ankanjenjemera.

Kenako a Bu Jumirah anatulutsa foni n'kuimbira mchimwene wawo wamng'ono, a Paklik Sutarno, amene amakhala kumapiri a Ungaran kumene madzi safika. Analankhula motsitsa, koma nyumbayo ndi yaing'ono.

"Sutarno, zija unkanena zija ndavomera. Ubwere ndi galimoto mawa m'mawa udzawatenge bambo. Ubwerenso ndi anthu awiri onyamula. Ayi, sakudziwa. Ife kuno zatikanika."

A Mbah Kasiran anamva. Anayesa kudzuka ndi chigongono, ndipo ananena mawu omveka kuposa onse amene anali atanena chaka chimenecho. Anati nyumbayo anaimanga okha ndipo akazi awo anamwalirira m'chipinda chimenecho, choncho sapita kukakhala mlendo kwa mpongozi. A Bu Jumirah anayankha kuti nkhaniyo yatha. Anatenga ndowa n'kupita kukapempha madzi abwino kwa a Budhe Warsi.

M'nyumba munatsala awiri. Dzenje linali litadzazanso, ndipo Kinasih anabwezera pulagi. Agogo ake anamukodola ndi dzanja. Anatsika patebulo n'kupita kukagwada pambali pa bedi, khutu lake pafupi ndi pakamwa pawo.

"Mawa amako apita... kukachingamira galimoto kumsika," anatero a Mbah, akupuma pakati pa mawu. "Iwe utsala. Utseke chitseko, asalowe kudzanditenga. Uike mpiringidzo. Lero sunandimvere, Nduk. Mawa undimvere."

Kukhitchini pampu inayamba kukoka mpweya. Kinasih anaimirira kukazula pulagi, ndipo ali komweko anamva amayi ake akutsika masitepe ndi ndowa. Agogo ake anali akumuyang'anabe, akudikira yankho.